Mkanda wa Akatswiri ndi Maondo a Njiri

Kalekale, nyama zisanayambe kudyana ndi kuthawana, nthawi imene Mbidzi ndi Nyalugwe ankapatsana moni panjira, kunali dambo lina lotchedwa Chitsukwa. Tili tonse? Sunthirani pafupi, chifukwa dambo limeneli lero simungalipeze. Linauma, anthu analimamo chimanga.

Chaka ndi chaka, mvula ikatha, udzu ukayamba kufiira, nyama zonse zinkasonkhana pa Chitsukwa kuchita masewera atatu: liwiro, kulimbana ndi kulumpha mtsinje. Eee, anali masiku amenewo! Fumbi koboo, ng'oma zikulira, nthungululu kumveka mpaka kuphiri. Pomaliza ankasankha katswiri mmodzi wa chaka n'kumuveka mkanda. Mkandawo sunali wogula ayi. Katswiri aliyense ankazula tiubweya ta kumchira kwake n'kumangirira pachingwe cha luzi, ndiye panali ubweya wakuda, wofiira, wotuwa, wina wa nyama zoti zinafa kalekale. Ankausunga pamtengo wa mkuyu, pamwamba pa chitunda choyang'anana ndi bwalo.

Wosunga mkandawo anali Njiri, nkhalamba yotsala yokha mwa akatswiri akale. Nthawi ya masewera ikayandikira, iye ankakwera chitunda pang'onopang'ono, n'kukasasa fumbi pamkanda uja. Ankapeza ubweya wake. Pambali pake ankapeza wa Nguluwe, bwenzi lake la pamtima, amene anamwalira zaka zambiri zapitazo. Akaununkhiza, mtima unkamupweteka.

Paja pa unyamata wake Njiri anagwetsa Nguluwe pa kulimbana. Nguluwe anadzuka, nasasa fumbi, naseka, nawerama.

"Kwera, m'bale wanga," anatero. "Wandigwetsa bwino."

Mwambo wa nthawi imeneyo unali wotere: katswiri sankayenda yekha kukatenga mkanda. Ankanyamulidwa ndi amene wawagonjetsa, kuchokera pabwalo mpaka pamkuyu, mapazi ake osakhudza pansi. Koma mukudziwa mmene miyambo imathera. Achinyamata anati chitunda n'chotopetsa. Anayamba kumangotuma Khwangwala kukatenga mkanda, n'kuveka amene wapambana masewera ambiri, pabwalo pomwepo. Njiri naye, poona kuti maondo ake ayamba kulira, anangowalekerera.

Ndiye chaka china kunabwera Nyalugwe, mnyamata wosalala, woyenda ngati dziko lonse ndi la atate ake.

Tsiku la liwiro linafika. Ng'oma italira, nyama zinaliyatsa. Nyalugwe patsogolo, Mbidzi pambuyo. Nyalugwe patsogolo, Mbidzi pambali pake. Ataona kuti mnzake akumupitirira, Nyalugwe anaponya dzanja, zikhadabo zili panja, n'kumukhadzula mwendo wakumbuyo. Mbidzi anagubuduka m'fumbi. Nyalugwe anafika woyamba.

Njiri anamuitana pambali.

"Mwana wanga, liwiro ndi la miyendo, si la zikhadabo."

"Madala, ndafika woyamba kapena ayi?"

"Wafika."

"Basi."

Tsiku la kulimbana linafika. Nyalugwe anagwirana ndi Nyani. Anakokana, anapotana, anagubuduzana, mpaka Nyani anapezeka pansi. Nyani anamenya nthaka ndi chikhatho, kusonyeza kuti wagonja. Koma Nyalugwe sanamusiye. Anapotabe mkono uja mpaka phewa linaguluka, Nyani n'kukuwa mayo.

Njiri anamuitananso pambali.

"Mwana wanga, mnzako akamenya pansi, kulimbana kwatha."

"Madala, ndamugwetsa kapena ayi?"

"Wamugwetsa."

"Basi."

Tsiku lomwelo azimayi anabwera kwa Njiri, amake Nswala ali patsogolo. Anagwada mwaulemu, koma mawu awo sanali ozungulira.

"Agogo, tabwera kuti mumve lero. Mukamuveka mkanda Nyalugwe, chaka chamawa ana athu pabwalo pano simudzawaona. Ife tinabereka ana, sitinabereke ndiwo."

Njiri anawerengera mumtima. Masewera anali atatu, Nyalugwe anali atatenga awiri. Anayang'ana bwalo limene anakulirapo, naliona m'maganizo mwake litamera chisoso, ng'oma zitadyedwa ndi chiswe. Anamva chisoni chachikulu, pakuti anadziwa kuti masewera a pa Chitsukwa athera m'manja mwake.

Tsiku la kulumpha mtsinje linafika. Nyalugwe anagona pamthunzi akudzinyambita.

"Awiri ndatenga kale," anatero. "Ndidetserenji mawanga anga m'matope?"

Olumpha anali Nswala, Chule ndi Gwape, kamtsikana kochepa thupi, ka miyendo ngati mapesi. Chule analumpha, nagwera pakati pa madzi, nati amafuna kusamba. Nswala analumpha, naponda m'mbali mwenimweni mwa tsidya lina. Gwape anabwerera m'mbuyo, nathamanga, nauluka. Anakatera kutali, pa udzu wouma. Nthungululu zinalira.

Apo ndi pamene nkhalamba ija inachita zodabwitsa. Njiri anaimirira, naimika mchira.

"Ngati masewera akutha chaka chino," anatero, "ndilumpheko nane komaliza."

"Agogo, khalani pansi!" anakuwa azimayi.

Ndani angaletse nkhalamba ikakumbuka unyamata? Njiri anathamanga, mimba ikugwedera, nanyamuka. Abale, sanafike ndi pakati pomwe. Anangoti m'matope phava! Kunatsala mchira ndi makutu. Nyama zinaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo woseka kwambiri anali Nyalugwe.

Gwape sanadikire kuti nthungululu zake zithe. Anabwerera, nalowa m'matope mpaka m'khosi, nalowetsa phewa lake pansi pa chibwano cha nkhalamba.

"Tsamirani pa ine, agogo. Mwanyamuka bwino, koma mtsinjewu wakula chaka chino."

Linali bodza, mtsinje unali womwewo, koma linali bodza lokoma. Atatuluka, Gwape anatembenukira kwa Nswala.

"Iwe unanyamukira kutali ndi madzi. Ubwere mawa ndikuonetse poponda. Chaka chamawa udzandiposa."

Njiri anakhala pagombe, matope ali chuchuchu. Phewa laling'ono lija linamukumbutsa msana wa Nguluwe, ndipo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chitunda.

M'mawa mwake nyama zonse zinadzaza bwalo kudzaona katswiri wa chaka. Nyalugwe anakhala kutsogolo, khosi atalitambasula kale.

"Tumani Khwangwala, madala. Dzuwa likutentha."

"Chaka chino mkanda sutsika," anatero Njiri. "Woufuna akaupeze pamkuyu, monga ankachitira makolo athu. Anyamulidwe ndi amene wawagonjetsa, mapazi ake osakhudza pansi. Ndinalola mwambowu kugona, lero ndaudzutsa."

Nkhalamba zimene zinalipo zinagwedeza mitu, zina zikupukuta m'maso. Nyalugwe anaseka.

"Zomwezo? Ine ndagonjetsa ambiri. Bwerani kuno nonse!"

Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Amene anathamanga naye liwiro, wina anali kuyang'ana kumwamba, wina anali atazemba kale.

"Mbidzi, bwera!"

"Mwendo wangawu mukuudziwa, achimwene."

"Nyani, bwera!"

"Phewa langali mukulidziwa, achimwene."

Nyalugwe anaonetsa mano, ndipo awiriwo anabwera chifukwa cha mantha. Iye anakwera pamsana pa Mbidzi, Nyani akumuchirikiza ndi mkono umodzi. Palibe anaimba. Mbidzi anatsimphina, anatsimphina, thukuta lili kamukamu. Asanatuluke n'komwe m'bwalo, mwendo wokhadzulidwa uja unapindika. Nyani anati agwire, phewa linakana. Nyalugwe anagwa chagada, khu! Fumbi linamulowa mpaka m'kamwa.

Njiri anafika pafupi.

"Mwana wanga, wafika pamkuyu kapena ayi?"

"Ayi, koma madala, ndi awa…"

"Basi."

Kenaka Njiri anaitana Gwape, wopambana pa kulumpha uja. Asanamalize n'kutchula dzina, Nswala anali atawerama kale. Chule naye anadumphira kutsogolo.

"Ine msana wanga ndi wochepa," anatero Chule, "koma pakhosi ndili napo. Ndiyambitsa nyimbo."

Ndipo anayambitsa nyimbo yakale ija, imene achinyamata anali asanaimvepo:

Mnyamuleni, mnyamuleni,
wandigwetsa bwino!
Phazi lake lisaone fumbi,
wandigwetsa bwino!

Nkhalamba zinavomera ndi mawu onjenjemera. Azimayi anavomera. Posakhalitsa dambo lonse linali kuimba, gulu likukwera chitunda, Gwape ali pamsana pa Nswala.

Koma chitunda chija sichinali chamasewera. Atafika pakati, Nswala anayamba kupuma movutika, miyendo ikugwedera. Mwambo sunkalola aliyense kunyamula, koma wogonja yekha. Chule anangotuzula maso.

"Inenso anandigonjetsa," anatero Njiri. "Kapena mwaiwala mmene munandisekera dzulo? Muikeni pamsana panga."

"Agogo, maondo anu!" anatero Gwape.

"Maondo ndi anga. Kwera."

Gwape anasamukira pamsana pa nkhalamba. Njiri anayenda, nyimbo ikumukankha. Anayenda, maondo akulira. Anayenda, mthunzi wa mkuyu ukuoneka pafupi. Kenaka miyendo yakutsogolo inatha mphamvu, ndipo anagwa chogwada. Nyimbo inaduka. Ziboda za Gwape zinatsala pang'ono kukhudza nthaka.

"Nditsitseni, agogo," ananong'ona Gwape, misozi ili m'maso. "Mkanda si kanthu. Mufa nazo izi."

"Pinda miyendo, ukhale chete," anatero Njiri akupuma mwa befu. "Nguluwe nayenso anatopa pamalo omwe ano. Sananditsitse."

Kudzuka kunakanika. Ndiye Njiri anayenda choncho, chogwada, akukwawa ndi maondo pamiyala, miyendo yakumbuyo ikukankha. Khungu linasupuka, magazi anatuluka, iye osaima. Chule anayambitsanso nyimbo, ndipo ulendo uno ngakhale Mbidzi ndi Nyani, amene ankatsimphina kumbuyo, anavomera nawo. Njiri anakwawa mpaka mphuno yake inagunda tsinde la mkuyu.

Anamuveka Gwape mkanda. Iye anazula tiubweya ta kumchira kwake, nafunsa pomangirira. Njiri anamulozera pambali pa ubweya wa Nguluwe. Kenaka nkhalamba ija inalira poyera, osachita manyazi, maondo ali pansi.

Chaka chotsatira ana anadzaza bwalo la Chitsukwa, ndipo Nswala analumpha kuposa Gwape. Gwape ndiye anali woyamba kuwerama.

Maondo a Njiri sanawongokenso bwino kuyambira tsiku lija. Adzukulu ake, pomulemekeza, anayamba kugwada naye pakudya, ndipo mpaka lero mukaona njiri ikudya, muiona itagwada, maondo ake ali ndi zipsera. Nanga Nyalugwe? Manyazi anamuthamangitsira m'thengo. Mpaka lero amayenda yekha, amasenza yekha nyama yake kukwera nayo mumtengo, n'kudya yekha, popanda womuimbira.

Ndiye inu othamanga, inu olimbana, inu osewera mpira, mverani. Pambanani ndithu, kupambana n'kokoma. Koma mnzako umugonjetse momusiyira msana woti akunyamulire, chifukwa katswiri weniweni amadziwika ndi amene anawagwetsa.

Nthano yanga ndaitula pansi pa mkuyu pomwepo. Wofuna kuinyamula ayambe wagwada.