Mmene Gologolo Analimitsira Komiti Dimba

Ndikulumbira pali agogo anga kumanda: ngati muno muli bodza ngakhale limodzi, mphenzi indiwombe dzuwa likuswa mtengo! Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, tisanafike pa phunziro la kunama.

Chaka chimenecho mvula inangolavula malovu kawiri n'kubwerera kwawo. Kuthengo matowo anauma ngati mikanda, nthudza sizinaoneke n'komwe. Mtengo umodzi wokha wa masuku, wa m'mbali mwa khwawa, ndiwo unabereka mpaka nthambi kuwerama.

A Nyani atauona anaitana a Nguluwe, ndipo awiriwo anakhazikitsa Komiti Yoteteza Zipatso za Onse. Wapampando a Nyani, mlonda a Nguluwe. Lamulo loyamba linali lakuti wosakhala m'komiti asayandikire mtengo. Lachiwiri silinafunike.

Tsono akuluakuluwa analibe chipiriro. Ankathyola masuku osapsa, olimba ngati miyala ya legeni, n'kumakukuta. Kukamwa khambi lokhalokha, m'mimba mukugunda mabingu amene anasowa kumwamba.

Chapafupi pomwepo pankakhala Gologolo ndi mkazi wake ndi ana anayi, amene nthiti zawo munkatha kuziwerenga muli patali. Mkaziyo anali ndi timbewu ta mpiru ndi bonongwe tomanga pakansanza.

"Bambo a ana," anatero, "mbewu zilipo, koma kuseri kwa nyumbaku nthaka ndi njerwa. Mulima ndi zikhadabo zanuzo?"

"Olima alipo, mayi. Kungoti sanamve kuti alembedwa ganyu."

Gologolo anapita kumtengo kuja, nanjuta chapatali, akuwomba m'manja.

"Zikomo bwana wapampando! Mwadzuka bwanji achimwene a Nguluwe?"

"Ukufuna chiyani iwe kamchira?" anafunsa a Nyani atagwira pamimba.

"Palibe, bwana. Ndimangodabwa kuti chaka chino mwasiya kuvundika."

Inu mukudziwa kuti masuku osapsa timawakumbira dzenje, kuyala udzu, kukwirira, ndipo pakapita masiku anayi amakhala atafewa, otsekemera ngati uchi. Koma a komiti anali asanamvepo. Anayang'anizana.

"Tinayamba kuvundika iwe usanabadwe," anatero a Nyani. "Koma tafotokoza, tione ngati ana a masiku ano mukudziwa."

Gologolo anafotokoza, n'kuwonjezera pang'ono. "Pamafunika nthaka yofunda. Kuno konse yotero ili kuseri kwa nyumba yanga basi."

A Nguluwe anafika, mphuno pansi, fukufuku, dothi kobo!

"Apa pazizira, achimwene. Tasunthirani uko."

Anasunthira.

"Eee, apa pafunda, koma pali nyerere. Tayesani kumunsiko."

Pomafika masana bwalo lonse linali tipu, lofewa ngati ufa. Dzenje lenilenilo analikumba pakati, n'kuthiramo madengu asanu a masuku.

Mawa lake Gologolo anafunsa, "Kodi bwana, ndowe muthira liti?"

"Ndowe?"

"Zofunditsa zija. Kapena kwanu munkagwiritsa zina?"

"N'zomwezo," anayankha a Nyani. "Timadikira kuti kuche bwino."

Ndinawaona ndi maso angawa a wapampando atasenza dengu la ndowe za njati, madzi ake akutsikira m'khosi, nkhope ili ndwii ngati akupita kukatsegulira msonkhano.

"Muwaze bwalo lonse, bwana, kuti kutentha kulowere m'mbali."

Tsiku lachitatu Gologolo anati masuku akavundikidwa amamva ludzu. A Nyani anatenga kheni yothirira, a Nguluwe akufukula chitsime pamchenga wa m'khwawa, ndipo ankathirira m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachinayi anamanga mpanda waminga, poopa akuba.

Masana akuluakulu akagona pamthunzi ndi kutopa, mkazi wa Gologolo ankafesa timbewu take. Mwamunayo naye anaboola kauna kochokera kukhitchini mpaka pansi pa dzenje. Masuku anapsa, ana anayamba kuseka, njere zikukatayidwa kuchulu.

"Apsa?" a Nguluwe ankafunsa tsiku ndi tsiku, dovu lili chuchuchu.

"Achimwene, masuku a anthu wamba ndiwo amapsa masiku anayi. A komiti amafuna masabata atatu."

"N'zoona," ankavomera a Nyani. "Ifetu si anthu wamba."

Mkazi uja anachenjeza. "Bambo, siyaniko dengu limodzi, adzapezeko kanthu."

"Mawa ndisiya."

Mawa limenelo silinafike. Masuku anatha psiti.

Masabata atatu atakwana, bwalo lonse linali biriwiri, mpiru ndi bonongwe zikupikisana. A komiti anafika ndi madengu.

"Fukula!" analamula a Nyani.

A Nguluwe anafukula pakati paja. Udzu. Anafukulabe. Udzu wokhawokha. Gologolo anati adumphe mpanda, koma a Nyani anamugwira mchira n'kumulendewetsa mutu pansi.

"Masuku athu ali kuti, mbava iwe? Nguluwe, tipula bwalo lonseli, kenako timuwambe ameneyu!"

Gologolo anaona mphuno ya a Nguluwe ikulunjika pa mpiru wa ana ake. Anayamba kulira maliro.

"Mayo ine! Aphuka! Masuku aphuka!"

"Ati chiyani?"

"Simukuona, bwana? Onsewa ndi ana a masuku. Akachuluka madzi sapsa, amamera."

A Nguluwe ananunkhiza tsamba. "Masamba a masuku sakhala chonchi."

"Nanga inu achimwene munabadwa ndi manowo? Mwana amasintha akamakula. Ine funso langa n'lakuti, ankagwira kheni ndani?"

A Nguluwe anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana a Nyani. Dzanja la a Nyani linayamba kufooka pamchira paja. Gologolo anaona kuti mkulu akasowa pothawira amaluma, ndiye anawatsegulira khomo.

"Komatu ine ndinadziwa kuti munachita dala, bwana. Wina aliyense akadangodya. Inu mtengo umodzi mwausandutsa nkhalango. Utsogoleri woona patali!"

A Nyani anatsokomola, namutsitsa pansi, namusasa fumbi.

"Ndi zomwe ndinakonza kuyambira pachiyambi. Kuyambira lero ino ndi Nazale ya Komiti. Wothyola tsamba ngakhale limodzi aona zakuda. Ndi iwe yemwe, kamchira. Nguluwe, khala pachipata."

Madzulo a tsiku limenelo banja la Gologolo linakhala pakhonde, likusuzumira ndiwo zake zomwe kudzera m'mipata ya mpanda. Masuku atha, mpiru uli ndi mlonda.

"Nzeru zanu zija," anatero mkaziyo, "tithire mchere tidye?"

Gologolo ankangosisita mchira wotupa.

M'mawa anakanjutanso pamaso pa a wapampando. "Bwana, ndikudziwa kuti mwaona kale. Nazale yathithikana."

"Ndaona. Nanga iwe waonapo chiyani?"

"Ikufunika kupatulira, ndi kumachotsa masamba a m'munsi tsiku lililonse. Koma zinyalala zake musatayire pafupi, zimakhala ndi matenda. Mkazi wanga aziziwiritsa ndi mchere kuti matendawo afe."

"Ndimati ndilamule zomwezo. Nguluwe, uzimunyamulira."

Ndiye tsiku lililonse Gologolo ankathyola, a Nguluwe n'kusenza dengu mpaka pakhomo la khitchini.

"Alamu," anafunsa a Nguluwe tsiku lina, mphuno ikunjenjemera, "zinyalalazi bwanji zikununkhira chonchi?"

"Ndi matenda akufawo, alamu," anayankha mayi uja akuvundula mphika. "Imani patali, angakulowereni."

A Nguluwe anathawa atatseka mphuno, ndipo Gologolo anagubuduzika kuseri kwa chitseko, akuluma mchira kuti phwete lisamveke.

Ana aja anafika nyengo ya mvula ali ndi masaya. Mchira wa bambo wawo sunaphwe, n'chifukwa chake mpaka lero uli ngati tsache. Bonongwe atatulutsa ngayaye, a Nyani anaitanitsa msonkhano kulengeza kuti masuku ayamba maluwa, ndipo ndikumva kuti komiti ikadali kudikira.

Zonsezi n'zoona ngati dzuwa. Za kheni zokha ndangowonjezera. Nyani angaipeze kuti kheni? Ankatungira m'chipanda.