Wodwala Ali Kuti?

M'boma lina la kumapiri munali dotolo wina. Umu ndi mmene akatekisiti athu, a Gwaza, anayambira fanizo lawo, ndipo ine ndingolibwereza monga ndinalimvera.

Dotoloyu anabadwira m'bomalo, mwana wa mayi wogulitsa masamba pamsika. Anakaphunzira kutali, koma atamaliza anabwerera kwawo nagwira ntchito pachipatala zaka makumi awiri. Anali munthu wamfupi, woyenda mofulumira, wosakonda kukweza mawu. Ndipo anali ndi lamulo lake limodzi limene sankalithyola.

Mukudziwa mmene timachitira ife. Mayi akadwala kumudzi, njinga palibe, timatuma wachibale ndi kabuku ka kuchipatala kuti akawalembetsere mankhwala. Wotumidwayo amafika, kuika kabuku patebulo, n'kuyamba kulongosola matenda ngati ndi ake. Dotoloyu ankamvetsera mpaka munthu atamaliza, kenako ankafunsa kuti, "Wodwala ali kuti?"

"Ali kunyumba, adokotala. Akungoti m'mimba."

"M'mimba ndi mudzi waukulu, bambo. Muli nyumba zambiri. Ndikagogode pakhomo liti?"

Akatero ankabweza cholembera m'thumba. Ngati wodwalayo sangathe kuyenda, ankatumiza ambulasi, kapena ankakwera yekha njinga yamoto akaweruka. Koma sankalembera mankhwala munthu amene sanamuone ndi maso, amene sanamugwire ndi manja. Poyamba anthu ankang'ung'udza kuti ndi wovuta. Kenako anaona kuti ena amene ankangoti m'mimba anawachita opareshoni tsiku lomwelo, ndipo lero akulima. Kung'ung'udza kunasanduka dzina. Boma lonse linayamba kumutchula kuti a Alikuti, ndipo ankalitchula dzinalo monyadira, ngati mmene munthu amatchulira phiri la kwawo.

Chisankho chitayandikira, anthu anabwera kwa iye nati, "Mwatichiza mmodzimmodzi zaka zonsezi. Tsopano pitani mukachize dera lonse." Anapemphera, anavomera, anapambana, nakhala phungu. Patapita zaka zitatu anamukweza kukhala nduna ya chigawo, namupatsa ofesi ya kapeti ndi galimoto ya mbendera.

Tisamunamizire, anagwira ntchito. Mijigo inakumbidwa, masukulu amene mphepo inasasula anafoleredwanso, misewu inakonzedwa. Akamadutsa pamsika, amayi ogulitsa masamba ankaimirira n'kululuta, akuti, "Mwana wathu uyo!" Koma ntchito ya nduna ndi ya mapepala. M'mawa uliwonse mlembi wake, a Mtambalika, munthu wakhama wa nsapato zonyezimira, ankabwera ndi mulu wa mapepala, lililonse atalichonga ndi pensulo pamalo posaina. Nduna inkawerenga, n'kusaina. Inkawerenga, n'kusaina. Chida chake chomverera m'chifuwa chinagona m'dilowa mpaka chinachita fumbi.

Tsiku lina Lachitatu, mwezi wa mvula yambiri, panabwera pepala lotseka kachipatala ka kwa Kachikho. Chifukwa chake chinali chomveka bwino. Kuboma, pachipatala chachikulu, anali atamanga nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera, ndipo akuluakulu a chipani ankabwera Loweruka kudzaitsegula, koma anamwino anali ochepa. Ndiye anaganiza zotenga mzamba ndi namwino a kwa Kachikho. A Mtambalika anayala mapu patebulo, naika rula.

"Onani, bwana. Kuchokera kwa Kachikho kufika pachipatala chachikulu ndi makilomita asanu ndi imodzi okha. Munthu angayende."

Nduna inavula chivindikiro cha cholembera. Nthawi yomweyo analowa mayi wina wachikulire amene anadikira pabenchi kuyambira m'mamawa. Anali amayi Nachisale, mzamba wa kwa Kachikho, amene kale anagwira ntchito limodzi ndi dotoloyu. Sanadandaule, sanalire. Anapereka moni mwaulemu, natulutsa kabuku ka kuchipatala m'chikwama chawo, nakaika pamwamba pa pepala lija.

"Adokotala, ndilembereniko mankhwala a mtsikana uyu. Dzina lake ndi Velina. Ndi woyembekezera, akudandaula mutu."

Pakamwa pa nduna panayankha pokha, mutu usanaganize. "Wodwala ali kuti?"

"Ali kumudzi."

"Inunso, amayi Nachisale? Inu mukudziwa kuti ine sindilembera munthu amene sindinamuone."

"Ndikudziwa, adokotala." Mzamba anachotsa kabuku kaja, naloza pepala limene linali pansi pake. "Nanga awa mukuwalembera apawa, mwawaona?"

Nduna inayang'ana cholembera chimene chinali m'dzanja lake. Chinali cholembera chomwe chija chimene inkachibweza m'thumba pamaso pa anthu osauka. Inakumbukira nkhope zawo, mmene ankabwererera kumudzi wapansi, kabuku m'manja, chifukwa cha lamulo lake. Ndipo inaona kuti papita zaka tsopano ikulembera midzi yathunthu mankhwala, wodwala osamuona.

Inatseka cholembera. "A Mtambalika, mawa tikupita kwa Kachikho. Galimoto tikaisiya pachipatala chachikulu. Makilomita anu aja tikawayenda."

Ananyamuka Lachinayi dzuwa likutuluka, nduna, mlembi ndi mzamba. Kilomita yoyamba inali yokoma. Yachiwiri njira inakwera chitunda. Yachitatu inatsika m'chigwa cha dothi lofiira loterera ngati sopo, ndipo a Mtambalika anakhala pansi kawiri osafuna. Amayi Nachisale, a zaka zawo zija, ankayenda patsogolo nsapato zili m'manja.

Kenako anafika pamtsinje wa Namitumbu. Pamapu unali kamzere kakang'ono ngati ulusi. M'chilimwe mbuzi imaudumpha. Koma tsiku limenelo madzi anali a matope, othamanga, ofika m'chifuwa, ndipo mlatho panalibe. Amuna anayi a kutsidya anabwera kudzawawolotsa atagwirana m'mikono, monga amachitira akanyamula wodwala pamachira.

"Tikuberekeni, bwana?" anafunsa mmodzi.

"Mayi woyembekezera mumamuwolotsa bwanji?"

"Madzi akakhala chonchi timamunyamula pamutu. Akaposa apa timadikira."

"Nanga mwana amadikira?"

Nduna inavula jekete, nilowa m'madzi ndi miyendo yake. Pakati pa mtsinje madzi anaikankha mpaka inagwira phewa la munthu amene sinkamudziwa ndi dzina lomwe. Kumbuyo a Mtambalika anafuula, chifukwa nsapato yawo imodzi yonyezimira ija inali itapita ndi madzi.

Anafika kwa Kachikho dzuwa lili pamutu. Anthu atamva kuti a Alikuti abwera wapansi, atanyowa mpaka m'khosi, anathamanga kudzaona. Koma iye sanaime kuti alankhule. Anangofunsa kuti, "Velina ali kuti?"

Anamupeza atagona pamphasa pakhonde la kachipatala, mapazi atatupa, nkhope itatupa. Dotolo anagwada. Anamugwira dzanja, anamuyeza kuthamanga kwa magazi, anamvetsera mtima wa mwana. Manja ake anakumbukira zonse, ngati sanasiyepo ndi tsiku limodzi lomwe.

"Mutu ukupweteka pati, mwana wanga?"

"Apa, adokotala. Ndipo m'maso mukumaoneka tinyenyezi."

Dotolo anayang'ana mzamba, mzamba anayang'ana dotolo. Onse awiri ankadziwa kuti uwu si mutu wamba. Mtsikana wotere amafunika kumuyeza m'mawa ndi madzulo, jekeseni ali pafupi, mzamba ali pafupi. Popanda kachipatalako, tsiku lina akanagwa akunjenjemera kutsidya lino, thandizo lili kutsidya lina, pakati pali Namitumbu. Pamenepo dotolo anatenga kabuku kaja, nalemba mankhwala.

Tsiku limenelo anaona anthu makumi atatu pakhondepo. Pobwerera, atawoloka kachiwiri, a Mtambalika anakhala pamwala, phazi lina lili ndi sokosi yokha. Anatulutsa rula m'chikwama, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Bwana," anatero, "vuto la rula n'lakuti siinyowa."

Lachisanu m'mawa foni inalira. Anali mkulu wa chipani, amene anamva kale kuti pepala silinasainidwe.

"Achimwene, mawa tikutsegula nyumba ija. Alendo adzaone mabedi opanda anamwino? Sainani lero."

"Ndakawaona anthu aja, bwana. Akafa pamtsinje."

"Inu simulinso kuchipatala. Ndipo kumbukirani kuti mbendera ili pagalimoto yanuyo simunasoke ndinu."

Foni inaduka. Nduna inakhala yokha ndi pepala lija. A Gwaza anati apa tisamuyese mngelo, chifukwa mtima wake unalimbana. Inaganiza za mijigo imene inali isanakumbidwe, za masukulu amene ankadikirabe malata. Inadziuza kuti, "Ndikataya mpando chifukwa cha mudzi umodzi, midzi ina aithandiza ndani?" Maganizowo anali okoma, ndipo ankamveka ngati nzeru. Koma m'dzanja mwake inkamvabe kutentha kwa dzanja la Velina. Munthu amene wamugwira sungamuiwale ngati kadontho ka pamapu.

Inaweramitsa mutu, nipemphera mwachidule. Kenako inatenga cholembera. Mukudziwa malembedwe a madotolo, kuti amangooneka ngati nkhuku yapalasa. Koma tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, analemba malemba akuluakulu oti ndi mwana wa sitandade wani yemwe angawerenge. Analemba modutsa pepala lonse kuti, "Ndakamuona wodwala. Mankhwala awa angamuphe. Sindilemba."

Loweruka pamwambo anamukhazika mzere wakumbuyo. Patapita milungu iwiri, wailesi inalengeza masana kuti chigawo chili ndi nduna yatsopano. Dalaivala wa dotolo uja anamasula mbendera misozi ili m'maso. Dotolo anatsegula dilowa, anatenga chida chake chomverera m'chifuwa, anachipukuta fumbi, natuluka osatenganso kanthu kena.

Pepala lija linatsala m'ofesi. Nduna yatsopano italipeza, inawerenga malemba aja, niitana mlembi. A Mtambalika anaima chilili nati, "Bwana, mukhoza kusaina. Koma musanatero tiyeni mukaone kaye. Muvale nsapato zakale." Nduna ija sinapite, koma sinasainenso. Imene inabwera pambuyo pake inauzidwa mawu omwewo. Kachipatala ka kwa Kachikho kalipo mpaka lero.

Velina anachira tsiku limene mvula inagwa kuyambira m'mawa, Namitumbu atasefukira moti ngakhale amuna anayi aja sakanalowamo. Anachirira m'manja mwa amayi Nachisale, mwana wamkazi wolira mokweza.

Dotolo anamaliza zaka zake zauphungu akuvutitsa aphungu anzake za mlatho wa pa Namitumbu pamsonkhano uliwonse, mpaka anatopa naye n'kuumanga. Atatero anabwerera kuchipatala. Galimoto ya mbendera sanaikwerenso. Koma akamadutsa pamsika pa njinga yake yamoto, amayi ogulitsa masamba ankaimirira monga kale, ndipo nthungululu zawo zinkaposa za poyamba zija. Mlendo akafunsa kuti kodi mkuluyu ndani, ankamuyankha kuti, "Ameneyu ndi wathu. Anali nduna, koma anawoloka Namitumbu ndi miyendo yake."

Apa a Gwaza anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Kenako anati:

"Abale anga, Mulungu wathu akanatha kutilembera mankhwala ali kumwamba. Mapu a dziko lonse ali nawo, ndipo sasowa womuuza matenda athu. Koma sanatero. Anavula ulemerero wake ngati jekete, analowa m'madzi athu a matope, anawoloka, nadzagwada pakhonde pamene tinagona. Anatigwira dzanja. Ndipo kubwera kumeneko sikunamutayitse mbendera chabe, kunamutayitsa moyo. Ndicho chifukwa chake timamunyadira.

"Tsono aliyense wa ife ali ndi cholembera chake. Wina cholembera chake ndi lilime. Timamva kuti uje wasiya kubwera kutchalitchi, ife n'kulemba kuti ndi ulesi, pakhomo pake tisanapondepo. Timamva kuti mwana wa uje wasiya sukulu, ife n'kulemba kuti ndi wopulukira, tisanamufunse kuti pakupweteka ndi pati. M'mabungwe mwathu timagamula za amasiye ndi okalamba titakhala pamipando youma, rula ili m'manja. Musanalembe kanthu pa moyo wa mnzanu, dzifunseni funso la dotolo uja. Mukapeza kuti wodwala ali kutsidya, bwezani cholembera m'thumba, muvule nsapato, mupite."

Anathera pomwepo, ndipo tinaimirira kupemphera. Ambuye atipatse miyendo yosaopa kunyowa.