Boti Lomangidwa pa Mkuyu

Panali munthu wina amene ankawolotsa anthu pa nyanja ina. Kwawo kunali pachilumba, tsidya lija, koma anakwatira tsidya lino n'kukhala pafupi ndi doko zaka makumi atatu. Chuma chake chonse chinali boti limodzi la matabwa. Analikhoma yekha akadali ndi mphamvu, ndipo ankadziwa thabwa lililonse kumene linachokera. Ankanyamula amayi a nsomba zouma, matumba a mpunga, mbuzi, odwala. Ankanyamulanso maliro. Anzake ambiri ankakana mtembo, ati boti limatenga tsoka. Iye ankangonena kuti munthu ayenera kukagona kwawo, n'kuyala mphasa m'botimo. Pa maliro sankalipiritsa.

Pa dokolo panali zikhomo zozikidwa m'madzi. Boti lililonse linali ndi chikhomo chake chomangapo chingwe, ndipo mwini boti ankapereka msonkho wa chikhomo mwezi ndi mwezi kwa wapampando wa doko. Anthu akamawoloka, msonkhowo sunkapweteka. Ulendo wa tsiku limodzi unkakwanira.

Kenako kunagwa mliri wa matenda obanika. Kunabwera lamulo lakuti maboti asanyamule anthu kufikira mliri utachepa. Doko linangoti zii. Maboti anakhala pa zikhomo zawo, ndere zikumera m'mbali. Mwezi utatha, wapampando anatuluka ndi buku lake.

Eni maboti anadandaula kuti ndalama aitenga kuti, popeza nkhafi zauma. Wapampando anayankha kuti lamulo laletsa kuwoloka, silinaletse kumanga boti, ndipo chikhomo chikugwirabe ntchito yake, mliri kapena ayi. Amene alibe, boti lake lituluke m'madzi. Ena anagulitsa mbuzi, ena wailesi. Mkulu wowolotsa anthu uja analibe chogulitsa. Mwezi wachitatu utatha, dzina lake linawerengedwa pagulu.

Munthu amene sanakhalepo pa doko angaganize kuti kumtunda boti limapuma. Si choncho. Boti la matabwa limakhala ndi moyo likakhala m'madzi. Thabwa limamwa, limatupa, n'kukanikizana ndi linzake mpaka madzi osapeza polowera. Mukalitulutsa n'kulisiya padzuwa la chilimwe, matabwa amauma, phula limasweka, ming'alu imatseguka yoti n'kupisamo chala. Aliyense pa dokopo ankadziwa zimenezi. Kulikokera kumtunda kunali kulipha pang'onopang'ono mwini wake akuona.

Wapampando anali munthu wodwala msana. Yekha sakanalisuntha botilo ngakhale phazi limodzi. Pankafunika amuna khumi ndi awiri, ndipo amuna khumi ndi awiri anapezeka, onsewo eni maboti. Pakati pawo panali wina dzina lake Makwinja, amene mkuluyo anamuphunzitsa kugwira nkhafi, amenenso mayi ake atamwalira anawolotsedwa ndi boti lomwelo ulere. Anayala mitengo pamchenga, anagwira chingwe, wina anayambitsa nyimbo yokokera. Mkuluyo anaima pambali, chipewa chili m'manja.

Makwinja anamuyandikira n'kunena motsitsa mawu, "Akulu, musatione ife. Tikakana, mawa ndi athu."

Mkuluyo anati, "Kokani mowongoka, Makwinja. Mukapendeketsa mulithyola msana."

Anakoka mowongoka. Analifikitsa pansi pa mkuyu wothothoka masamba, analizenga unyolo, loko anatsekedwa, kiyi analowa m'thumba la wapampando.

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo anayamba kulimwetsa boti lake. M'mawa uliwonse ankatsikira kunyanja ndi ndowa, kutunga, kukwera mtunda, kukhuthula pa matabwa, n'kubwereranso. Analifunditsa masaka ndi bango kuti chinyezi chisathawe. Tsiku limodzi ankanyamula ndowa makumi atatu, ndipo dzuwa likafika paliwombo ankayambiranso. Anzake aja ankakhala pamthunzi wa shedi ya doko akusewera bawo, popeza ntchito kunalibe. Wapampando ankati mkuluyu watsegula dimba, tidikire tione ngati boti libereka maungu. Onse ankaseka. Ena ankaseka poyera, ena akuyang'ana pansi. Pa miyezi iwiri yathunthu palibe mmodzi amene anadzuka kukamulandira ndowa.

M'mawa wina mkuluyo anafika pakati pa njira, anatula ndowa pansi, n'kukhala pambali pake. Mpweya unkakana kulowa. Anamutengera kuchipatala pa njinga, ndipo patapita masiku anayi anamwalira. Asanatsirizike anauza mkazi wake chinthu chimodzi chokha: amuwolotse, akagone pafupi ndi mayi ake.

Mwana wake wamwamuna, amene ankagwira ntchito yomanga m'tauni, anafika tsiku lomwelo. Anayenda kwa azaumoyo mpaka anapeza kalata yololeza kuti bokosi liwoloke, lili lokhomedwa, ndi anthu anayi okha. Uthenga unapita pachilumba pa foni. Kutangocha, adzukulu a kumeneko anayamba kukumba manda. Chotsala chinali kiyi.

Mwanayo anapita kwa wapampando, anagwada, n'kuti, "A Tcheya, ndapempha kiyi. Ulendo umodzi wokha. Ndikakawasiya bambo, boti ndidzalibweza pa mkuyu pomwepo."

Wapampando anapukusa mutu mwachisoni. "Pepa, mwanawe. Bambo ako anali munthu. Koma m'bukumu muli miyezi isanu. Ndikakutsegulira iwe, mawa aliyense abwera ndi maliro ake."

Mwanayo anatulutsa foni yake kuti ikhale chikole. Wapampando anaitembenuza uku ndi uku, ananena kuti galasi lake ndi losweka, n'kuibweza.

Ndiye mwanayo anayenda khomo ndi khomo kwa amuna khumi ndi awiri aja, kupempha kuti wina amubwereke boti. Woyamba anati lake likudontha. Wachiwiri anati mkazi wake sangalole. Wina anati matendawa samatha ndi imfa, amatsalira m'matabwa. Kwa Makwinja anapeza mkazi yekha pakhonde, amene anati bambo apita kumunda, chonsecho nsapato zawo ndi khasu zili pakhomo pomwepo.

Azaumoyo anati mtembo sungagone tsiku lina. Anamuika tsidya lino, kumapeto kwa manda, kumene amaika alendo opanda abale. Siwa sinagonedwe, nyimbo inaimbidwa imodzi. Pokoka boti anapezeka khumi ndi awiri. Ponyamula bokosi anapezeka anayi, ndipo awiri mwa iwo anali azaumoyo ovala zoyera, amene ngakhale dzina lake sankalidziwa.

Tsidya lija anthu anadikira pa doko lawo laling'ono, maso ali pamadzi, mpaka dzuwa linapendeka. Manda akakumbidwa sagona opanda kanthu. Adzukulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, analitsitsa m'dzenje n'kukwirira. Koma mlongo wake wa malemuyo, Nangondo, anakana kulira ndipo anakana kumeta. Anati salirira nthochi. Tsiku lililonse ankapita kukakhala pa doko lija.

Tsiku lotsatira maliro, mayi wina wokatunga madzi anadutsa pa mkuyu n'kupeza masaka akudontha. Mchenga wapansi pa boti unali wakuda ndi chinyezi. Anthu anati ndi mwana uja, chisoni chikumugwiritsa ntchito ya bambo ake. Koma mwanayo anabwerera kutauni, wamasiye anatengedwa ndi abale ake, ndowa anapita nayo, ndipo boti linali lonyowabe.

Amuna a pashedi anayamba kuliyang'anira. Ankakhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo palibe munthu amene ankaliyandikira. Dzuwa linkaswa mtengo, udzu wonse unapsa, koma masaka aja sanaume. Nthawi zina, dzuwa lili paliwombo, ankamva madzi akukhuthuka pa matabwa, khwaa, kamodzi. Kenako bata, lotalika ngati nthawi imene munthu wokalamba angatenge kutsikira kunyanja ndi kubwerako. Kenako khwaa. Pamchenga pankaoneka mzere wa madontho kuchokera m'mphepete mwa madzi kufika pa mkuyu, koma mapazi panalibe. Nthabwala ya maungu inatha. Bawo analisamutsira kuseri kwa shedi. Makwinja anayamba kuzungulira njira yakumsika pofuna kupita kwawo.

Patapita miyezi itatu, lamulo lija linachotsedwa. Wapampando analengeza kuti boti la pa mkuyu latengedwa m'malo mwa ngongole, tsopano ndi la doko. Atachotsa masaka, sanapeze mng'alu ngakhale umodzi. Amuna khumi ndi awiri omwe aja analibwezera m'madzi. Ulendo uno palibe amene anaimba.

Wapampando anafuna kuti anthu aone kuti palibe choopa. Anakwera iye mwini, n'kuitana Makwinja kuti awongole ndi ena atatu kuti apalase. Anati angotsata gombe kukafika pa msika wa nsomba wapafupi n'kubwerera. Kunali masana, nyanja ili phee.

Atangochoka anaona zinthu ziwiri. Boti linali litamira pang'ono pakati, ngati lanyamula katundu. Ndipo pansi, pamene mkulu uja ankayala mphasa, panali malo ouma, otalika ngati munthu wogona, pamene matabwa ena onse anali onyowa. Aliyense anakoka mapazi ake kuti asapondepo.

Anapalasa kulowera kumsika, koma mutu wa boti unatembenukira kuchilumba. Makwinja anakanikiza nkhafi yowongolera ndi thupi lake lonse mpaka inapindika. Boti silinamumvere. Opalasa anatulutsa nkhafi m'madzi n'kuziika pamiyendo, ndipo boti linapitirirabe, osathamanga, osagwedezeka. Makwinja anawadziwa mayendedwe amenewo. Ndi mmene mkuluyo ankayendetsera akanyamula maliro.

Gombe lawo litachepa kumbuyo, wapampando anatulutsa buku m'malaya, anang'amba tsamba, n'kuliponya m'madzi. Anati, "Akulu, ngongole yatha. Onani, ndang'amba. Tibwerere."

Tsambalo linayandama n'kutsala kumbuyo. Boti silinatembenuke.

Anafika pa doko laling'ono la pachilumba, kunsi kwa mitengo ya kumanda. Nangondo anali pamalo pake. Anaimirira, analizindikira boti, anayang'ana nkhope zisanu zija imodzi imodzi, n'kufunsa, "Mwabwera nawo achimwene?"



Boti litangokhudza mchenga, kunamveka kuthetheka ngati nkhuni zouma pamoto. Matabwa anayera iwo akuona. Dzuwa lonse la miyezi isanu linalowa nthawi imodzi. Phula linagwa, ming'alu inatseguka, madzi analowa, ndipo boti linakhala pansi, amuna aja ali chiimire m'madzi olekeza m'mawondo. Nangondo sankawayang'ananso iwo. Anapatuka m'njira, monga apatukira munthu popereka mpata kwa wamkulu amene akudutsa, ndipo maso ake anatsata njirayo pang'onopang'ono kukwera kumanda. Kenako anagwada, anamasula duku, n'kuyamba kulira maliro.

Anthu a pachilumba sanawamenye amuna aja, sanawatukwane. Anawapatsa madzi akumwa ndi pogona. Koma anakhala kumeneko masiku anayi akuyenda khomo ndi khomo kupempha bwato lowabweza kwawo, ndipo aliyense amene anamufunsa anati lake likudontha.

Inu amene mwamva, musathamangire kuloza wapampando kuti mitima yanu ipepuke. Iye anali ndi buku, kiyi ndi msana wodwala. Kiyi sakoka boti. Amuna khumi ndi awiri akanangopinda manja m'mawa umodzi, botilo likanakhala pa chikhomo chake, ndipo nkhalamba ija sikanafera pansi pa ndowa. Aliyense ankati akuteteza chikhomo chake. Zikhomozo zilipo mpaka lero, ndipo eni ake amadutsa pa mkuyu atayang'ana kumbali.

Tsiku lidzafika limene adzakuitanani kuti mukagwire chingwe. Musanagwire, funsani kuti boti ndi la yani. Ngati munagwira kale, ndowa sinali yolemera kuposa chingwecho. Ndipo ngati zonse ziwiri zinakukanikani, musabwere pambuyo pake kwa ana ake ndi nkhope zogwa kudzanena kuti malemu anali munthu wabwino. Ana akewo akudziwa. Anaona nsapato zanu pakhomo.

Wakufayo anadziwolotsa yekha. Inu amene mudakali moyo, tsiku lanu likadzafika, adzakuwolotsani ndani?