Thobwa la a Nankhoma

Kalekale, mvula yoyamba itangogwa, ana a pasukulu ina anayamba kutsegula m'mimba. Aphunzitsi a Gwaza mtima sunakhale m'malo. Anauza ana a m'kalasi mwawo kuti, "Tisangolira ayi, tifufuze."

Malizani anatenga kope nayenda khomo ndi khomo, mpaka mapazi kutupa. Analemba mayina a odwala khumi ndi awiri, kumene amakhala ndi zimene anadya. Onsewo anali atamwa thobwa la a Nankhoma, mayi wamasiye wogulitsa pachipata. A Gwaza anafulumira kuwerenga kopelo pamsonkhano wa makolo. Tsiku lomwelo makolo anakhuthula thobwa lonse pansi, napirikitsa mayiyo. "Mukufuna kutithera ana, mfiti inu!"

M'mawa mwake Zione anaimika mkono. "Aphunzitsi, tadziwa bwanji kuti ndi thobwa? Inetu ndimamwa tsiku lililonse, koma ndili gwa." A Gwaza anagwira pakamwa. Zione anafunsa ana osadwala, napeza makumi awiri omwa thobwa lomwelo. Atabwereka kope la Malizani, anaona kuti odwala onse amachokera kutsidya kwa dambo.

Sungeni analawirira nalondola njira ya kutsidyako, napeza ana akumwa pachitsime cha m'dambo. Kumtunda kwake, chimbudzi china chinali chitagumuka ndi mvula. Anatunga madziwo m'botolo napita nawo kwa alangizi a zaumoyo. Chitsime chinatsekedwa, matenda anatha.

A Gwaza anapita kukagwada kwa a Nankhoma. Mayiyo anawatayira kamtengo, koma pachipata sanabwererenso. Anangowapatsa nkhuku imodzi yathadzi. "Mukampatse mwana amene wandiyeretsa dzina, akawete."

A Gwaza atafika nayo kusukulu n'kufotokoza, ana atatu aja anaizungulira.

"Popanda kope langa mukanayambira pati?" anatero Malizani.

"Kope lakolo ndi limene linatayitsa thobwa la eni!" anayankha Zione. "Ndikanapanda kufunsa, bwenzi akutchedwabe mfiti."

"Inu mumangokangana pamthunzi," anatero Sungeni. "Matope ndinaponda ndine."

A Gwaza anaima njo, nkhuku ili m'khwapa. Iwo amene anafulumira kuweruza mayi wosalakwa, tsopano ankaopa kuweruzanso.

Nanga inu mwamva nkhaniyi, nkhuku ipite kwa yani: wosonkhanitsa umboni amene anasocheretsa anthu, wokayika amene anafunsa, kapena wopita kukaona ndi maso?