Fupa la a Kachingwe

Pasukulu ya Mtengowaminga, aphunzitsi a Kachingwe anaika lamulo loti wolankhula Chichewa azivala fupa la ng'ombe m'khosi mpaka atagwira mnzake. Wopezeka nalo Lachisanu ankakumba dzenje la zinyalala. "Lamuloli silisankha nkhope, ngakhale yanga," ankatero akudziguguda pachifuwa.

Lachisanu lina fupalo linali m'khosi mwa Nasiwelo, mtsikana wa Sitandade 7. A Kachingwe anatulutsa kalasi yonse panja.

"Utiuze malamulo onse a mayina ndi alowam'malo a Chingerezi," anamulamula m'Chingerezi chawo chonenepa. "Ukaphonya limodzi, maenje akhala awiri."

Nasiwelo sankadziwa ngakhale limodzi, koma anali ataona mzere wa linthumbu ukudutsa pansi pa mtengo wa mango. Anakaima kuseri kwa mzerewo, manja kumbuyo, nkuyamba kung'ung'udza ngati wamanyazi.

A Kachingwe anatchera khutu, osamva kanthu. Anasendera pafupi. Nasiwelo anatsitsiratu mawu. Anasenderanso, mpaka nsapato zonse ziwiri zili pakati pa linthumbu. Nasiwelo anapitiriza kung'ung'udza modekha, kulipatsa linthumbulo mpata wokwera m'buluku.

"Mayo ine! Ndafa ine! Tandithandizani ana inu!" anakuwa a Kachingwe m'Chichewa, akuvina gule wopanda ng'oma.

Nasiwelo anavula fupa lija, nkugwada monga mwana woleredwa bwino, nkulipereka ndi manja awiri.

Mtsikana wina anathamangira ku ofesi mwakachetechete, nkubwera ndi khasu.