Mbale Yachiwiri

Panali munthu wina, katswiri wofufuza za maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, amene mlongo wake ankadwala khansa ya m'mawere. Iye ankadziwa kuti m'maselo a khansa muli puloteni ina imene imakadzutsa jini, yomwe ndi malangizo a m'kati mwa selo, yolamula maselo kuti azingoswana. Ndiye anapanga kachidutswa ka puloteni mu labotale, koti kazigwira puloteni ija isanafike pa jini.

Anakasungunula m'madzi a mankhwala n'kuthira m'mbale imene ankaweteramo maselo a khansa. Patatha masiku atatu, maselo onse anali atafa.

Pantchito imeneyi pali lamulo. Pamafunika mbale yachiwiri, yothiramo madzi okhawo opanda kachidutswa, kuti udziwe chimene chapha maselo. Mkuluyu lamulolo ankalidziwa, ndipo ankakalipira nalo ena. Koma tsikulo anaiwala kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anangotola foni.

"Achemwali, limbani mtima. Mankhwala ndawapeza."

Mlongo wakeyo ankaopa mpeni wa madokotala kuyambira kale. Tsiku la opaleshoni litafika, sanapite kuchipatala. "Achimwene anga ndi ophunzira," ankatero kwa aliyense womufunsa.

Patapita milungu iwiri, mayi wina wogwira naye ntchito anaona zimene katswiri uja analemba, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Bambo, nanga mbale yachiwiri ili kuti?"

Katswiriyo anaikonza mbaleyo. Patatha masiku atatu, maselo a m'menemonso anafa, osatsala ndi limodzi lomwe. Chimene chinkawapha ndi madzi aja, amene anawachulutsa mphamvu.

Manyazi anamugwira. Akanatha kungokhala chete, koma anakwera minibasi n'kupita kwa mlongo wake. Anamupeza akusenda mtedza pakhonde, ndipo anakhala pansi osamuyang'ana kumaso.

"Achemwali, ndinalankhula ndisanayese. Mankhwala aja palibe."

Mlongo wakeyo sanakalipe. Anaika lichero pambali, n'kugwira pachifuwa.

"Kuchipatala anati amene wajomba adikire miyezi inayi. Ndiuzeni inu ophunzira, achimwene, chotupachi nacho chidikira?"



Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, dziwani kuti abale anu adzakhulupirira mawu anu kuposa a dokotala, chifukwa ndinu awoawo. Mukaona zosangalatsa m'mbale, musanatsegule pakamwa, dzifunseni kuti ndani ajombe kuchipatala chifukwa cha zimene munene.