Njira ya Kwaya

Kalekale, m'parishi ina ya kumapiri, njira iliyonse inali ndi dzina. Kunali Mdutsamaliro yopita kumanda, Mthyolakhasu ya m'miyala, ndi Msekambeta yotsikira kuchitsime. Kunalinso bambo wina dzina lake Gwaza, mtsogoleri wa kwaya, wa mawu okoma koma wapakhosi pouma msanga.

Kuseri kwa phiri kunkakhala mayi Nangozo, katswiri wophika mowa wamasese. Njira yopita kumeneko kunalibe, udzu wokhawokha. Masana Gwaza ankatsanzika mkazi wake Nasibeko kuti akukaphunzitsa nyimbo, kenaka n'kukhotera kuseri kuja. Oimba besi anamutsatira. Oimba tena anamutsatira. Wang'oma naye sanatsale. Udzu unagona, unauma, unatha. Panatsala njira yoyera kuposa ya kutchalitchi.

Tsiku lina kunafika wansembe watsopano pa njinga. Pamphambano anakumana ndi Nasibeko atasenza nkhuni, namufunsa kumene kwaya imaphunzirira.

"Tsatani yopondedwa kwambiriyo, Abambo," anatero Nasibeko. "Amuna athu ndi akhama."

Anatula nkhunizo, nalondola pambuyo mwakachetechete.

Gwaza anamva belu la njinga chipanda chili pakamwa. Kenaka anaona mkanjo woyera. Anadziwa kuti udindo wapita, ulemu wapita, mwina ndi banja lomwe. Anaponya chipanda paudzu, nakweza dzanja, nayambitsa nyimbo yoyamba kumufikira m'mutu. Inali ya maliro. Anzake anavomera mokoma, wina mpaka misozi.

Wansembe anatsika pa njinga, navula chipewa.

"Pepani abale anga. Watisiya ndani?"

Gwaza anayang'ana wang'oma. Wang'oma anayang'ana mtsuko. Yankho linachokera kumbuyo.

"Mowa, Abambo," anatero Nasibeko. "Wangotsirizika kumene mumtsukomo."

Wansembe anaseka mpaka njinga inagwa. Sanamuchotse Gwaza pa udindo, koma analamula kuti kwaya yonse ikalambule njira ya kutchalitchi ndi makasu, ikuimba nyimbo yomweyo. Gwaza analima dzuwa lili pamutu, Nasibeko atakhala pamthunzi, akumukumbutsa mawu akaphonya.

Kwa Nangozo anthu sanasiye kupitako, ndipo kanjirako kanatchedwa Njira ya Kwaya mpaka lero.

Choncho inu omvera, musanamize a kunyumba za kumene mukupita, chifukwa mapazi anu adzakuululani. Yanga ndaitula pompa, wofuna ina akasake yekha.